Chiphapha Chomwe Chinkasuntha

"Mwasambanso m'manja mu ndowa ya madzi akumwa, eti?" Telala anafunsa akulavula tiyi pakhomo. "Tiyi wanji wonunkha petulo?"

"Inu amayi, ndilumbire kangati? Ndowa yanuyo sindiikhudza," anayankha mwamuna wake atagona chafufumimba pamphasa. "M'malo molongolola, tandithowani msanawu."

Mkangano umenewu unali wakalekale. Bamboyo ankagwira ntchito yothira mafuta m'magalimoto, ndipo mpanda wa malo omwetsera mafutawo unali chakumtunda kwa chitsime chawo. Choncho madzi akanunkha, wolakwa sankasowa. Telala anamugulira beseni lakelake ndi sopo wakewake, koma fungo silinathe. Mwana wawo wamkazi ankangodandaula mutu ndi m'mimba.

"Msanawo wavulala ndi chiyani?" anafunsa akufinya kansalu m'madzi otentha. "Paipi ya pampu yayamba kulemera?"

"Abwana anati tikankhe chiphapha cha galimoto chija."

"Chakuphwa matayala chija? Munachikankhanso ulendo uja. Chimapita kuti, kokaona abale?"

"Timangochisuntha pang'ono. Mawa kukubwera oyeza madzi."

Telala anaimitsa dzanja. Oyeza madziwo ankawadziwa. Pansi pa malowo pali mathanki a mafuta, ndipo m'makona munazikidwa mapaipi ofika pamadzi a pansi panthaka, ovindikira ndi zitsulo. Oyezawo amatungamo madzi kuti aone ngati thanki ikudontha.

"Nanga pomwe mumachiimikapo, pansi pake pali chiyani?"

Bamboyo anatembenukira kukhoma.

"Ndikufunsa inu, bambo a mwana."

"Chivindikiro cha paipi ya kumpanda kuno," anatero motsitsa mawu. "Ukatsegula, fungo lake ndi lobaya m'mutu. Abwana akuti zikadziwika malo atsekedwa, tonse ntchito yatha."

Telala anapsa mtima. Munthu wamkulu, wandevu zake, kumangoonerera mkazi akumugulira sopo, mwana akumwa petulo! Anaponya kansalu kaja m'beseni, madzi n'kuthovokera pamphasa.

"Msanawo akuthoweni abwana anuwo."

M'mawa mwake makina osokera anakhala ovindikira. Telala anazungulira mpanda n'kupeza mayi woyeza madzi atavala majombo, akutseka botolo pakona ya kumsewu. Abwana anali pambali pake, kumwetulira mano onse pamtunda.

"Kwatsala paipi ya kumpanda," anatero woyezayo.

"Pepani mayi, idakali pansi pa chiphaphachi. Chakhala pompano kuyambira kalekale, mwini wake sitikumupeza. Mungolemba monga ulendo watha."

"Bodza!" Telala anakuwa. "Dzulo m'mawa chinali uko, pansi pa mtengo. Taonani m'fumbimu momwe matayala akhwekhwerezeka."

Kumwetulira kuja kunazima. "Mayi awa ndi ndani? Kuno si kumsika."

"Ndine amene ndimathowa msana wa munthu amene amachikankha."

Anamanga nsalu m'chiuno, n'kutsamiritsa phewa kumbuyo kwa chiphapha. Anakankha mpaka masilipasi kuterereka, koma chinthucho sichinagwedezeke n'komwe. Madalaivala omwe ankadikira mafuta anatulutsa mitu m'mawindo. Mwamuna wake anali chiimire papampu, paipi ili m'manja.

"Iwe," anatero abwana akumuloza, "ukangosuntha pamenepo, uvule yunifolomu yanga."

Bamboyo anayang'ana abwana, n'kuyang'ana mkazi wake yemwe thukuta linali kamukamu. Anakoleka paipi pamalo pake, n'kupita kukaika phewa pafupi ndi la mkazi wake. Woyeza madzi naye anaika botolo pansi n'kugwirako. Chiphapha chinalira dzimbiri, n'kusuntha.

Atangotsegula chivindikiro, onse anabwerera m'mbuyo atagwira mphuno. Woyezayo anatsitsa kachubu pachingwe, ndipo potuluka, pamwamba pa madzi pankayandama mafuta achikasu. Abwana anayamba kufotokoza za mvula, koma panalibe wowamvera. Telala anauza woyezayo za fungo la madzi a pachitsime chawo ndi za mwana wake wodwala.

"Chitsime chanu chili kuti, mayi?"

"Kuseri kwa mpandawu."

"Ndikatungakonso kumeneko. Koma musamwenso madzi ake, ngakhale owiritsa. Mwanayo mupite naye kuchipatala, mukawauze zimenezi."

Masana Telala anavindikira chitsime ndi lata, n'kutsindirapo miyala. Mwamuna wake anabwera ndi malaya ake akunyumba, yunifolomu atasiya komweko. Anaima pabwalo atagwira m'chiuno, akudikira mawu abwino.

Telala sanali wokonzeka kupereka mawu abwino. Anamupatsa zigubu ziwiri n'kumulozera njira ya kumpopi, womwe unali kutali ndithu.

"Msanawu, amayi..."

"Ndikudziwa kuti ukupweteka. Madzi oyamba ndi a mwana. Akatsalako, ndikuthowani."