Malemu Pronyo Ayamba Kugulitsa Mankhwala

Mkulu wanga Pronyo anali asanathe mwezi m'manda pamene anayamba bizinesi. Imelo ya m'Chingerezi inafika kwa anthu a kwaya, kwa abambo mfumu, kwa theka la tauni yathu ya Jaro, dzina ndi adiresi yake zili pamwamba: mankhwala obwezera mphamvu za abambo, gulani mabotolo awiri, lachitatu ndi laulere.

Mkazi wake Perlita anandipeza pa siteji ya njinga zamoto ndikumwa msuzi wa bachoyi. Milomo yake inali mbuu.

"Mlamu Tisoy, mkulu wanu akulembera anthu! Masiku makumi anayi sanakwane, mzimu ukadali pansi pompano. Ndiye zochita zake n'zimenezi?"

"Pronyo? Ali moyo ankalemba ndi chala chimodzi, lilime lili panja. Imfa siphunzitsa munthu Chingerezi, mlamu."

Ndinamufotokozera kuti akamberembere a pa intaneti safuna kiyi wa munthu. Amangolemba adiresi ya mwini wake pamalo a wotumiza, monga ungalembere dzina la bishopu kuseri kwa envelopu. Ine ndemwe ndinalandirapo imelo yochokera kwa ine mwini yondiuza kuti ndawina galimoto. Ndinatsala pang'ono kudzithokoza.

Perlita sanaseke. Amayi a kutchalitchi opemphera korona anali atayamba kale kunong'ona kuti sabwera kudzapempherera malemu pa tsiku la makumi anayi, lokwera mzimu kumwamba.

"Dzina lake liyere, mlamu. Munthu wowerenga mawu m'tchalitchi zaka zonsezi asakwere ngati galu."

Ndiye ndinaganiza zanzeru, monga mwa masiku onse. Lamulungu masana tinaitana amayiwo kunyumba, tinawapatsa khofi ndi sumani, timikate tathu ta mpunga, makandulo akuyaka pa chithunzi cha malemu. Ndinatulutsa foni yake m'kabati n'kuitchaja pamaso pawo.

"Onani, amayi anga. Mu zimene foniyi inatumiza mulibe za mankhwala. Chomaliza kutuluka muno ndi chithunzi cha tambala wake wankhondo."

Foni inazungulira. Ena anachita chizindikiro cha mtanda, wina anapepesa kwa chithunzi. Perlita misozi mbwembwembwe, ine chifuwa patsogolo.

Chimene ndinaiwala n'chakuti wakuba akalemba adiresi yako, mayankho amabwera kwa iwe. Foni itabwerera m'manja mwa Perlita inayamba kulira, ti, ti, ti. Iye anawerenga mokweza.

Abambo mfumu: "Ndiwe yani? Opa Mulungu."

Wa besi wa kwaya: "Botolo limodzi lokha ndi zingati?"

Amayi anaseka mpaka khofi kutuluka m'mphuno. Perlita anapitiriza, kenaka mawu anayamba kuchepa.

"Pronyo wanga, ndinadziwa kuti sungakwere osanditsanzika. Koma mankhwalawa ngachiyani? Kwa ine sunawafunepo."

Dzina la wotumiza sanalitchule. Anangokweza maso kwa Manang Basyon, mtsogoleri wa korona, amene anali atakhala pansi pa chithunzi penipeni, sumani ili pakamwa.

Ine ndinayesa kupulumutsa zinthu.

"Mwina nayonso n'njabodza, mlamu. Akamberemberewa..."

Koma Manang Basyon ananditembenukira, maso ali tong'o.

"Iwe Tisoy," ananong'ona, "ukuti si iye anandilembera?"

Perlita anaimirira pang'onopang'ono. Anazima makandulo ndi zala, limodzi limodzi, n'kutembenuzira chithunzi kukhoma.

"Amayi, pemphero lija lisiyeni. Kumwambako apite wapansi."