Ndege Yochedwa Kumva

Chaka chimene Towera wathu anayamba kuyenda, mvula inakana ku Champhira. Chimanga chinafota chili m'mawondo, ndipo fodya wathu sanadzaze ngakhale theka la chigafa. Inali nthawi ya Chitaganya, pamene mwamuna aliyense wamphamvu zake ankayang'ana kummwera, ku migodi ya ku Joni. Amuna anga, a Wallace Hara, nawonso analembetsa dzina. Lole yonyamula anthu inali yoti idzadutsa Lolemba loyamba la mwezi wa Julaye.

Ine za Joni sindinkafuna kuzimva. Khomo loyandikana ndi lathu linali la Dyness, mkazi wa akulu awo a Wallace. Amuna ake anakwera lole yomweyo zaka zisanu ndi zinayi m'mbuyomo, analemba makalata awiri, kenaka zii. Anthu otere tinkawatcha matchona. M'mawa uliwonse ndikamasinja, ndinkapempha Chiuta chinthu chimodzi chokha, kuti bambo a mwana wanga asakwere lole ija.

A Wallace anali ndi luso limene mudzi sunkalifuna. Pa nkhondo yaikulu yachiwiri ankanyamula wailesi ya asilikali, ndipo anabwerako akudziwa mawaya ndi mabatire monga ine ndimadziwira singano. Tsono kunamveka kuti mzungu wa galaja pa boma la Mzimba akufuna munthu wokonza mawailesi, amene masiku amenewo anali atayamba kulowa m'nyumba za aphunzitsi ndi makalaliki. Mzunguyo tinkamutcha Bwana Chisoti, chifukwa sankachivula ngakhale atagona pansi pa lole. A Wallace anapalasa njinga kupita kumeneko, ndipo anabwerako tsiku lachitatu atamanga chinthu chachilendo pa kaliyala.

Inali ndege, koma yaing'ono, yoseweretsa ya Bwanayo. Mapiko ake ankafanana ndi munthu atatambasula manja, injini yake inkakwana m'dzanja. Inabwera ndi bokosi lolemera lokhala pansi, lokhala ndi ndodo yachitsulo yaitali ndi batani limodzi pa chingwe. A Wallace anandifotokozera titakhala pakhonde. Ukadina batani, wailesi ya m'bokosi imalankhula ndi ina yaing'ono ya m'mimba mwa ndege. Iyo imamasula mphira wopotedwa, mphirayo amatembenuza waya, waya amakankha kathabwa ka kumchira kotchedwa chiwongolero. Kudina kamodzi, ndege ikhotere kumanja. Kusiya, iwongoke. Kudinanso, ikhotere kumanzere.

“Inagunda mtengo, mchira wonse unathyoka,” anatero. “Bwana akuti makalata a sukulu sawafuna. Akuti ndiikonze. Abwera kuno Loweruka la sabata yamawa. Ikandimvera pamaso pake, ntchito ndi yanga.”

“Ikapanda kumvera?”

“Mbwenu Lolemba lake ndi lole, NyaShaba.”

NyaShaba ndine, Selina. Ankanditchula choncho, ndi dzina la kwathu, mpaka tsiku lawo lomaliza.

Masiku anayi anasema mchira watsopano ndi mtengo wopepuka umene Bwana anawapatsa. Atatha anabwera kwa ine ndi tizidutswa tiwiri, mchira ndi chiwongolero chake.

“Izi zilibe mahinjesi achitsulo. Zimalumikizidwa ndi timizere ta nsalu. Dzanja lako ndiye labwino, undisokere. Kansanza kalikonse kachita.”

Kansanza! Pa chinthu cha mzungu, chimene adzachiyang'ana ndi maso ake nadziwa kuti chatuluka m'nyumba ya NyaShaba? Ine ndinaphunzira zosoka kwa dona wa ku mishoni amene ankakweza nsalu yako kudzuwa, ndipo akaona kuwala pakati pa msoko ankakuphwasulitsa yonse. Anatiphunzitsanso kuti nsalu yotuluka pakhomo pa mkazi wachikhristu izikhala yolimba ndi sitachi. Ndinadula nsalu yatsopano yoyera imene ndinkasungira bulawuzi. Ndinapala chinangwa, kufinya madzi ake, kuwaphika mpaka atanda. Ndinaviika timizere tija kawiri, ndi kutisita ndi simbi ya makala mpaka tinaima tokha. Kenaka ndinasoka mothina, msoko pa msoko, osasiya mpata ngakhale wa tsitsi.

A Wallace anaitembenuza m'manja nagwedeza mutu. “Yewo chomene. Ngakhale ya kusitolo sifika apa.”

Mtima wanga unadzaza. Sindibisa.

Lolemba m'mawa tinapita kudambo, ng'ombe zisanafike. Kunali kuzizira kwa mwezi wa Juni kumene kumang'amba milomo. Anthu anatitsatira atafunda mabulangete. Injini inalira ngati mavu zikwi, a Wallace anathamanga pang'ono naiponya m'mwamba, ndipo inakwera. Amayi anakuwa, ena anathawira kuseri kwa chulu. A Wallace anatola batani nadina.

Ndege inangopitirira.

Inapita ndithu ngati munthu amene wamva kuitana koma akuyamba wamaliza zake. Patapita nthawi ndiye inayamba kupendekera kumanja, mwaulesi, ikuzungulira kutali ndi mtsinje. Anadinanso kuti ibwerere kumanzere, iyo inapitirizabe kumanja. Mafuta atatha inakagwera m'bango.

“Alamu,” anatero Dyness, “ndege yanuyi ndi ya pabanja panu ndithu. Yatengera akulu anu. Mukaiitana lero, idzayankha chaka chamawa.”

Anthu anaseka. Dyness nayenso anaseka, koma maso ake sanaseke nawo.

Munthu wa wailesi chinthu chikavuta amakayikira wailesi. A Wallace analawa mabatire ndi lilime. Anapala timilomo ta mawaya ndi mpeni mpaka tinawala. Anachotsa wailesi ya m'mimba mwa ndege, kuiyang'ana, kuibwezera. Anawonjezera kupota mphira, mpaka anaduka nawakwapula pa tsaya, ndipo anatsala ndi mmodzi yekha. Akadina batani ndege ili pansi, chiwongolero chinkasuntha ndithu, pang'onopang'ono, osafika kumapeto. Iwo ankati mphamvu ikuchepa penapake m'mawaya. Mchira sankauyang'ana n'komwe. Unali wokongola, woyera, wosokedwa ndi mkazi wawo.

Lachiwiri ndege inakagwera m'munda wa mbatata. Lachitatu inatsala pang'ono kugunda chigafa cha mnansi wathu. Lachinayi masana ndinawapeza atatsitsa chikwama chawo cha usilikali pa mtanda wa denga, akuchikung'untha fumbi.

“Undichapire malaya a khaki aja, NyaShaba.”

“Loweruka silinafike, bambo a Towera.”

“Ndayesa zonse zimene ndikudziwa. Mwina Chiuta wandikonzera njira ina.”

Ndinawachapa malayawo. Madzi ena a m'beseni anali a m'maso mwanga.

Lachisanu linali tsiku la Umanyano, msonkhano wa amayi a mpingo. Sindinkafuna kupita, koma amayi anga ankati tsiku limene sukufuna kupemphera ndilo tsiku loyenera kupemphera. Ndinavala siketi yakuda, duku yoyera, ndi bulawuzi imene kolala yake ndinaisita dzulo lake ndi sitachi yotsala ija. Tchalitchi chathu chinali cha njerwa zosawotcha, mipando yake ya dothi. Tinkaimba opanda buku, mayi mmodzi akutsogolera mzere, ife tikulandira, ndipo nyimbo inkayenda pang'onopang'ono ngati ngolo yodzaza. Sindinamvenso kuimba kotere chichokereni kumeneko.

Tili pakati pa nyimbo, Dyness amene anakhala kumbuyo kwanga anandinong'oneza kuti Towera akudya dothi. Ndinafuna kucheuka, kolala inandicheka pansi pa chibwano. Ndinachita kutembenuka thupi lonse, mapewa ndi chiuno pamodzi.

“A! A! NyaShaba,” ananong'ona Dyness, akumeza chiseko. “Mwasita kolala kapena mwavala lata? Mukukhota ngati ndege ya amuna anu.”

Nyimbo inapitirira, koma ine ndinaleka kuimba. Ndinagwira kolala ija ndi zala ziwiri, ndikuyesa kuipinda. Inakana. Ndinaikakamiza, inapindika pang'onopang'ono, osafika kumapeto. Nsalu ya mtundu womwewo, sitachi yomweyo, dzanja lomwelo. Ngati khosi la mkazi wosenza mitolo ya nkhuni likulimbana nayo, nanga kamphira kopotedwa? Ndinakumbukira ana a Israele ouma khosi aja, ndipo manyazi anandigwira mpaka kumapazi.

Sindinadikire pemphero lotseka, chinthu chimene sindinachitepo. Ndinabereka Towera ndi kuthamanga, duku ili m'manja.

A Wallace anali pakhonde, akusoka lamba wa chikwama. Ndinagwada patsogolo pawo ndikupuma movutika.

“Bambo a Towera, wailesi ilibe mlandu. Ndine. Munati kansanza, ine ndinaika nsalu yatsopano, ndinaithira sitachi kawiri. Ndinkafuna mzungu aone kuti m'nyumba muno muli mkazi.”

Anaika chikwama pansi. Kenaka analowa, natulutsa ndege, nakankha chiwongolero ndi nsonga ya chala chaching'ono. Anachikankhanso, tsopano ndi kaudzu. Kaudzuko kanapindika, chiwongolero chili chiimire.

“Masiku anayi,” anatero. “Masiku anayi ndikunyambita mabatire ngati mbuzi pa mchere.” Ndipo anayamba kuseka, mpaka anakhala pansi. “Dzuka, NyaShaba. Tonse awiri ndife opusa. Iwe unakonda ulemu, ine ndinakonda mawaya. Tenga lumo.”

Ndinaphwasula msoko wanga wonse. Anandiuza kuti ndifune nsalu yofewa kuposa zonse m'nyumba. Ndinapapasa m'bokosi, ndinagwira mipango, ndinagwira malaya akale. Yofewa kuposa zonse inali pa chingwe panja, thewera la Towera, lochapidwa kosawerengeka mpaka kuonekera.

“Thewera? Pa ndege ya Bwana?”

“Bwana sadzalinunkhiza. Dula.”

Anaika kaudzu pakati pa mchira ndi chiwongolero kuti patsale mpata, ine ndikusoka momasula, mtima ukuwawa ndi msoko uliwonse. Dona wa ku mishoni akanauona akanakomoka. Titachotsa kaudzu, a Wallace anauzira mpweya, chiwongolero chinagwedezeka ngati tsamba. Anadina batani. Tcha! Kumanja. Anasiya, chinabwerera pakati. Tcha! Kumanzere.

Tinapita kudambo dzuwa likupendeka, awiriwiri. Ulendo uno ndege inamva mopitirira. Atangodina inagwetsa phiko, ikuzungulira kulunjika pansi, ndipo anaipulumutsa pang'ono pokha. Sanadandaule. Anapinda waya wa kumchira ndi pulayala kuti chiwongolero chisamapite patali kwambiri. Tinayesanso, anapindanso pang'ono. Kachitatu inakhota bwino ngati kabawi, ndipo mafuta a m'botolo anatsala a ulendo umodzi.

Bwana Chisoti anafika Loweruka dzuwa lili pamutu, mphepo itayamba, fumbi la galimoto yake likuonekera kutali. Mudzi wonse unali kudambo, ndi a midzi ina omwe. Anayendera ndegeyo, nawerama pa mchira. Anagwira timizere totuwa tija, nayang'ana msoko wanga wokhotakhota. Ndinafuna nthaka inditsegukire. Kenaka anaweramuka.

“Uipititse ku mitengo ija,” anatero m'Chinyanja chake chopindika, akuloza misuku ya kutsidya. “Usakhote mpaka ine ndinene.”

Ndege inakwera, mphepo ikuikankha kumbuyo. Inalunjika ku misuku. Bwana anali chete, manja m'thumba. Mitengo inayandikira. Dyness anandigwira mkono mpaka zikhadabo zinalowa. Ine milomo inkangoyenda, mawu osatuluka, koma Iye amene amamva mwana wa khwangwala anandimva.

“Tsopano!”

Chala cha a Wallace chinatsika, ndipo nthawi yomweyo ndege inapendeka, mimba yake ikuwala padzuwa, niisiya mitengo kumanzere.

“Kumanzere! Kumanja! Kumanjanso!”

Bwana ankakuwa ngati kapitawo, ndege ikuyankha mawu asanathe. Injini itazima, a Wallace anaizungulitsa kamodzi pamwamba pathu, ndipo inatera pa udzu patsogolo pa galimoto. Nthungululu zinamveka mpaka kumsika. Dyness ankalira poyera, osabisa nkhope.

Bwana sanagwire munthu chanza. Anangoti, “Lolemba, seveni koloko. Kuseri kwa galaja kuli nyumba ya zipinda ziwiri. Denga likudontha, ukonza wekha.”

Lamulungu tinapuma monga mwa lamulo, ngakhale manja ankayabwa kumanga katundu. A Wallace ananyamuka Lolemba tambala woyamba pa njinga. Lole ya ku Joni inadutsa m'mawa womwewo ndili kuchitsime, ndipo inanyamula amuna asanu a m'mudzi mwathu. Ndinawawerenga ali pamwamba, ndinawatchula mayina pamaso pa Chiuta mmodzimmodzi. Awiri okha ndiwo anadzabwerako.

Ine ndi Towera tinatsatira patapita sabata ziwiri, pa ngolo, ndi bedi, mtondo ndi nkhuku zinayi. Nyumba ija inkanunkha asidi wa mabatire, ndipo pa mvula tinkatchera mabeseni atatu. Tinakhalamo zaka makumi atatu ndi zinayi. Ana ena asanu anabadwira momwemo. Tsiku lililonse belu la galaja likalira madzulo, ndinkamva mapazi awo pa miyala ya kuseri, kenaka mawu awo pakhomo akufunsa ngati madzi osamba afunda.