Misomali ya Doming

Teryo anakhuthula chitini patebulo la pakhonde, misomali n'kumwazika pakati pa makapu a khofi. Yonse inali yodula mitu.

"Tayionani, mlamu. Miyezi isanu ndi itatu ndakhala ndikutola zimenezi padenga langa. Ndiye mukuti ndibwere ndidzatsogolere kolona?"

Lagring, mkazi wa malemu mng'ono wake Doming, anapitiriza kusankha mpunga. Linali tsiku lachisanu ndi chinayi chimwalirireni Doming, lomaliza la mapemphero, ndipo ku Oton kuno kolona ya tsikuli amatsogolera ndi wamkulu wa banja. Wamkuluyo anali Teryo, yemwe kumanda anaima pageti, chipewa chili kumutu.

"Manong, munthu wapita," anatero Lagring, pomutchula Teryo monga amatchulira achimwene aakulu kuno. "Mukufuna adzuke adzapepese?"

"Atadzuka angayambe wandilasa."

Zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo awiriwa anagawana malo a makolo awo. Mpanda wa nsungwi unadutsa pakati, mtengo wakale wa mango n'kutsalira kwa Teryo. Doming ananena mawu, Teryo anabweza oposa, ndipo sanalankhulanenso. Anthu ankati Doming ndi wofatsa. Teryo sankawakhulupirira anthu ofatsa, amakhala ndi nthawi yambiri yoganiza. Ndipo zoonadi, atasiya kukonza mawailesi ndi mafani kumsika, Doming anadzitsekera m'kashedi kake, paipi n'kusuzumira pawindo italoza kwa mkulu wake. Tsiku lililonse dzuwa likafika paliwombo, pamalata pankamveka kho!

Minda, mwana wa malemuyo, anatuluka m'nyumba akupukuta m'manja. Anali atabwera kumaliro kuchokera ku Cavite, kumene ankagwira ntchito pafakitale ya zamagetsi.

"Tiyo," anatero kwa Teryo, pakuti ndi mmene ana kuno amaitanira m'bale wa bambo awo, "tiyeni mukaione mfuti yanuyo. Mawa amayi akuti ikatayidwe mumtsinje, atopa ndi miseche."

"Inayenera kutayidwa kale, pamodzi ndi mwini wake."

Manja a Lagring anaima m'lichero. Teryo anayang'ana kumbali, natsatira Minda.

M'kashedimo munali musanasesedwe. Za womwalira sizisunthidwa mapemphero asanathe. Munkanunkhabe mtovu wowotcherera, ndipo magalasi a Doming anali pabenchi, mwendo umodzi womanga ndi waya. Teryo anakhala kanthawi akuwayang'ana magalasiwo. Sankadziwa n'komwe kuti mng'ono wake anayamba kuvala magalasi.

Chinthucho chinali paipi yapulasitiki yokulungidwa waya wamkuwa malo atatu, yomangidwa pathabwa ndi mabawuti. Pambali pake panali tizitini takuda tondondozana. Teryo anatambasula dzanja.

"Musakhudze!" anakuwa Minda. "Makapasita amenewo amasunga magetsi ngakhale mutazimitsa. Angakugwetseni pansi."

"Ndiye ufiti ndimanena uja."

"Ufiti wanji, Tiyo? Mulibe ndi wonga womwe. Magetsi akadutsa mu wayamu, waya amasanduka maginito, n'kukoka msomali, n'kuutaya kutsogolo. Basi. Ngakhale nkhuku ingakusekeni mutailasa nayo."

"Nkhuku ilibe denga lobooka."

Minda anamulozera khoma. Pathabwa panali mizere ya pensulo kuchokera m'mwamba mpaka m'munsi, uliwonse ndi tsiku lake. Teryo sukulu anaisiyira kalasi yachinayi, choncho anawerenga ndi chala, milomo ikugwedera. Pamwamba. Pamwambabe. Kumanja kwambiri. Waya wapsa. Pamwamba. Mzere womaliza unali wa Lachiwiri, tsiku loti mawa lake mtima wa Doming unaima: Pang'ono chabe. Tsitsa.

"Waona? Akudandaula kuti waphonya. Amafuna windo langa."

Minda anatsitsa magetsi m'tizitini tija, nasolola msomali womwe unali kale m'paipi.

"Suzumirani nokha. Ine ndinasuzumira dzulo, sindinamvetse kanthu. Ndangoona chitsulo chadzimbiri."

Teryo anawerama, mawondo akulira, natsinzina diso limodzi. Windo lake silinkaoneka. Ankaona nthambi ya mango, kuseri kwake malata ake, ndipo m'munsi mwa kabowo ka paipiko munkalendewera limu yakale ya tayala la jipu.

Anaiiwala limu ija. Ankaidutsa tsiku ndi tsiku ngati mmene munthu amadutsira chitsa. Mayi awo ndiwo anaipachika, kuti mpunga ukapsa masana aziimenya, bambo ndi antchito amve kumunda. Doming ankalirira kuti aimenye ndi iye, koma sankafikira. Teryo ankamunyamula paphewa, kamwanako n'kumugwira tsitsi ndi dzanja limodzi, lina likumenya ndi mwala, kakukuwa m'khutu mwake kuti, "Manong, kudya! Manong, kudya!" ngati kuti Manongyo ali kutali.

"Tiyo, mwaona chiyani?"

Teryo sanadzuke msanga. Atadzuka anapukuta diso ndi chala chachikulu.

"Fumbi. Bambo ako anali auve." Anatsokomola. "Chimatsika bwanji chimenechi?"

Minda anamuonetsa bawuti ya kutsogolo. Teryo anaizungulitsa pang'ono, nasuzumira, naibweza pang'ono. Mtsikanayo anabwezera msomali uja, nalumikiza magetsi. Tizitini tinayamba kulira ngati udzudzu, kulira kukukwera, mpaka kanyale kofiira kanayaka.

"Dinani apa."

"Munthu ali ndi miyendo," anang'ung'udza Teryo, chala chili pabatani. "Mpanda wake wofika m'chiuno. Akanangoulumpha."

"Inunso muli nayo miyendo, Tiyo."

Anadina. Paipi inangoti thi, ndipo kutsidya kwa mpanda limu inalira, ngweee, mawu aatali okalamba, mbalame n'kubalalika mumtengo. Teryo anaima chilili mpaka kulirako kunatheratu. Ankafuna kumva kamawu kaja m'khutu. M'kashedimo munali zii.

"Uwauze amayi ako," anatero, "chinthu ichi sichipita kumtsinje."

Atatuluka anapeza Lagring ataimirira pakhonde, lichero lili pansi, akuyang'ana ku mango. Lagring anatembenuka. Analowa m'nyumba, natuluka ndi mbale yachitsulo yothetheka m'mbali, naipukuta ndi siketi yake.

"Masana alionse Doming ankakuikirani mbale iyi apa," anatero, akuikhazika kumutu kwa tebulo. "Akamva kuti msomali wagunda malata, ankabwera n'kuibwezera m'kabati yekha."

Teryo anasesa misomali ija ndi chikhatho, naibwezera m'chitini. Kenaka anavula chipewa, nakhala pansi patsogolo pa mbaleyo.