Nyumba Yoonera Nyali

Ba Petronella sankafuna zambiri pa nyumba yatsopano. Madzi akhale pafupi, chitseko chizikhomeka, ndiponso nyali ya kubwalo la mpira izioneka munthu ali pakhomo.

Nyaliyo ankaiyatsa timu ya atsikana ikawina. Inkaloza kumwamba, yoyera mbee, yowongoka ngati mzati. Ku komboni ya Garden, kumene anakhala zaka khumi ndi ziwiri, ankangotuluka panja madzulo n'kudziwa kuti mwana wawo Emelda, wogwira pagolo, abwera akuseka kapena atatupa. Kubwaloko iwo sankapondako. Anapitako kamodzi, Emelda n'kumwetsedwa zigoli zinayi, basi analumbira kuti maso awo ndi olemera, amabweretsa tsoka. Foni nayo sankaikhulupirira. "Pa foni mwana akuuza ati taseŵela bwino, kansi bamumenya," ankatero. "Nyali sinama."

Tsopano nyumba ya ku Garden inali itagulitsidwa. Loweruka masana anakwera basi kupita ku Chazanga kukaona zipinda ziwiri za Ba Enos, mdala wodekha, wa tchalitchi. Anagogoda makoma, kununkhiza pansi, kugwedeza chitseko. Zonse zinali bwino.

"Nanga nyali ya bola ioneka pano?"

"Ioneka, amai. Na kutali ku Kabwe ioneka."

"Munaiona imwe na menso yanu?"

Ba Enos anakanda mutu. "Ine va bola sinikonkha maningi."

"Ndiye musakambe vamene simuziba."

Mdalayo anawakumbutsa kuti kuli Ba Sampa, amene ankaifunanso nyumbayo. Akapanda kuvomera lero, mawa m'mawa Ba Sampa alowetsa katundu. Koma nyali siyaka timu isanawine, ndipo mpira unali usanayambe.

Ba Petronella anasolola foni m'chitenje.

"Iwe Emelda, lelo muwine. Nifuna kuona nyumba."

"Amai, tili mu kuvala, ba kochi bakamba..."

"Sininakufunse vovala. Ukangolowetsa bola, tizagona pa mseu."

Anadula foni, n'kukhala pa kampando pakhomo, nkhope kuloza kutauni. Akazi a Ba Enos anabweretsa munkoyo. Ba Petronella anamwa, n'kunena kuti shuga wachepa, koma anamaliza kapu yonse. Dzuwa linapendeka, linafiira, linalowa. Kumwamba kunalibe kanthu, mtengo wa mango wokha ndi malata a nyumba yoyandikana.

"Kapena baluza," anatero Ba Enos chapansipansi.

"Mwana wanga saluza nikamuuza."

Anayankha molimba, koma anayang'ananso kumwamba. Nyumbayo anali ataikonda kale. Kungoti kukhala malo osaona nyali kunali ngati kumutaya mwana kutali. Anadzuka. Anaima pachitseko, palibe. Anapita kumpanda, palibe. Pafupi ndi chimbudzi panali dramu la madzi lovundikira. Anavula masilipasi, kumanga chitenje, n'kukwera, Ba Enos akukuwa kuti agwa.

Pakati pa nthambi ya mango ndi nsonga ya malata, kutali uko, panali kamzere koyera. Sikanali mzati ngati wa ku Garden ayi. Kanali kowonda ngati ulusi wosokera. Koma kanali kataima nji.

Ba Petronella anaimba nthungululu mpaka nkhuku zinabalalika.

"Mwaona?" anatero Ba Enos. "Ninakamba ine."

"Munakamba pakhomo. Apa ni pa dramu. Iyi nthambi muijube, ichokepo."

"Awe amai, ndiye ibala maningi iyo."

"Ndiye muzaijuba mango zikasila, na ine nizadyako. Dramu isachoke apa. Kuyambila lelo ni yanga."

"Nanga manzi tizasungila mu chani?"

"Sungani mwamene umu. Ine nifuna pamwamba chabe."

Ba Enos anaseka mpaka kutsokomola. Anapisa m'thumba, n'kuwapatsa kiyi iwo akadali pa dramupo. Pomwepo foni inalira. Anali Emelda, mawu atasasa ndi kukuwa.

"Amai, tawina! Nagwila na penati!"

"Niziba, naona." Ba Petronella anayang'ananso kaulusi kaja, n'kumangirira kiyi pa ngodya ya chitenje. "Mailo ubwele kuseni, kukangocha, unyamule mabedi. Manja yako yagwila bwino lelo, yasapumule."