Malita Khumi a ku Kazungula

Ndinafika kwathu ku Malota Lachinayi, fumbi la ku Katima lidakali m'tsitsi. Chikwama sindinatule n'komwe. Pabwalo panali munthu wachilendo, akugogoda zitseko za galimoto ya malemu adadi ngati akusankha chivwende. Dzina lake Derrick. Ntchito yake kugula magalimoto akale, kukawaphwasula ku Linda, n'kugulitsa zitsulo.

Amayi sanabise. Galimoto ikupita Loweruka. Anati yasanduka chidakwa. Chimwalirire adadi ankaiyendetsa ndi Ba Mudenda, amuna a achemwali anga, ndipo malita khumi a dizilo sankatha nawo masiku awiri. Maulendo ake ati? Kumsika, kutchalitchi, kubwerera kunyumba. Basi.

Ine ndinakana. Inde ndi ya 1988. Ndi yolemera, m'mawa imafuka utsi wakuda. Koma ndimaidziwa. Adadi ankapita nayo ku Choma n'kubwerako ndi theka la thanki.

Ba Mudenda anaseka mpaka kugwira khoma. "Mulamu, iwe wazolowera mabasi. Iyi motoka imamwa kupambana ine pa Khirisimasi."

Amayi anadula mlandu ali chiimire. Malita khumi omwewo. Ku Kazungula, kupita ndi kubwera, makilomita pafupifupi 140. Ikalowanso pageti, ndi yanga. Ikafera panjira, Derrick akaitengere komweko. Ndipo Amayiwo akwera nawo, chifukwa tonsefe sankatikhulupirira.

Geji ya mafuta inafa kalekale. Ndiye ndinachita za amakanika. Chigubu choonekera mkati, cha malita khumi. Ndinachotsa mapaipi awiri kuthanki, yokoka dizilo ndi yobweza wotsala, n'kuwalowetsa m'chigubumo. Chigubu pakati pa mapazi a Amayi, chomanga ndi chingwe. Iwo anachilemba mzere pakati ndi cholembera. Matayala ndinapopa. M'buti ndinatulutsamo matayala awiri akutha, jeke yothyoka, ndi thumba la simenti louma gwa.

Loweruka m'mawa inavuta kulira. Tizitsulo totenthetsa injini tinafa, ndiye ikazizira imachita makani. Ba Mudenda anabwera ndi ketulo, monga ankachitira tsiku lililonse, n'kuikhuthulira madzi otentha. Kachisanu inatsokomola, inagwedezeka, inalira.

Tinalowa mumsewu wa Nakatindi. Giya yomaliza, phazi lopepuka, singano pa 80. Osathamanga, osaponda mabuleki pachabe. Malole ankatipitirira. Ba Mudenda kumbuyo ankati posachedwa atipitirira ndi wogulitsa makala panjinga. Amayi maso pachigubu, ngati nesi woyang'anira diripi.

Mlatho wa Kazungula unaonekera dzuwa litakwera. Ndinatembenuza galimoto osaima. Ndinaponya diso pansi. Dizilo anali pamwamba pa mzere! Pang'ono chabe, koma pamwamba. Amayi anangotsegula kachikwama n'kundiikira mtedza m'dzanja. Ndinayamba kuimba nyimbo yopanda mawu.

Pobwerera mphepo inatitembenukira. Kenako lole yodzaza kutsogolo, giya yachitatu kwa nthawi yaitali, maenje. Dizilo ankatsika ndikumuona. Titafika kumaloji a alendo, tawuni itatsala makilomita khumi ndi awiri, m'chigubu munali zala ziwiri zokha.

Pomwepo magalimoto onse anali ataima. Njovu. Zoposa makumi awiri, ndi ana. Ina yaikulu inaima pakati pa phula, ikudya nthambi mosapupuluma.

Mphindi zisanu. Khumi. Injini ikungolira, dizilo akunjenjemera m'chigubu. Paipi ikangokoka mpweya, zatha. Ndinatambasula dzanja kukiyi. Ba Mudenda anandigwira phewa.

"Osazima, mulamu. Motoka ya dizilo sazima masana. Ukazima apa, ketulo uzaipeza kuti?"

Amayi anatembenuka pang'onopang'ono. Anafunsa kuti akutanthauza chiyani. Ba Mudenda anafotokoza monyadira. Amailiza sikisi koloko m'mawa, amaizimitsa dzuwa likamalowa. Kumsika imadikira ikulira. Kunyumba masana imadikira ikulira. Anaphunzira kwa madalaivala a malole, nthawi imene ankagwira ntchito kuboda. Iwo ndi amene anawauza kuti kuliza injini kumadya mafuta ambiri kuposa kuisiya.

"Ba Mudenda," anatero Amayi, "ndiye ine ndikamaimba kwaya maola atatu, nayonso imakhala ikuimba panja?"

"Pansi pa mtengo, Amayi. Pamthunzi."

Ndinazimitsa.

Zii. Tinamva nthambi zikuthyoka. Tinamva mimba ya njovu ikuguguda. Ba Mudenda anagwira mutu n'kuyamba kutsanzika galimoto. Ine ndinkadziwa kuti injini ya dizilo ikatentha sifuna ketulo. Ndinazionapo kambiri m'misewu. Koma iyi ndinali ndisanaigwire kwa zaka zisanu ndi chimodzi.

Mphindi makumi anayi. Injini ikuzizira, ine ndikuwerenga njovu. Yaikulu ija inamaliza nthambi yake, inatiyang'ana, n'kulowa m'tchire. Kumbuyo mahutala anayamba.

Ndinapotoza kiyi. Kamodzi kokha. Inalira.

Amayi anamenya dashibodi ndi chikhatho mpaka fumbi kutuluka. Ine ndinaseka ngati wamisala. Ba Mudenda anasuzumira kutsogolo, akuti mwina sindinaizimitse bwinobwino.

Tsono panatsala ntchito. Amayi anamasula chingwe, anapendeketsa chigubu, dizilo yense n'kusonkhana pakona. Paipi anaigwira ndi zala ziwiri kuti isatuluke. Chitenje chawo chatsopano chinadontheredwa, osasamala. Ankandilamula ngati kondakitala. Pang'onopang'ono apa. Usaime, wa njingayo adutsa. Loboti tinaipeza ili yobiriwira. M'tawuni anthu ankatiyang'ana: mayi wamkulu atawerama ngati akukama ng'ombe, bambo kumbuyo akupemphera mokweza. Inde, Ba Mudenda tsopano anali mbali yathu.

Malota. Mabampu. Pa bampu iliyonse dizilo ankathawa paipi. Ngodya yomaliza. Pageti panali lole yokokera magalimoto, Derrick atakhala pabonati akudya chimanga.

Ndinaliza hutala. Anasuntha lole. Tinalowa.

Amayi anatulutsa mapaipi, anatsika ndi chigubu, anachikweza kudzuwa. Munatsala wokwana kapu imodzi ya tiyi. Anachigwedeza pamaso pa Derrick.

"Ba Derrick, pepani. Mwaotcha dizilo wanu pachabe."

Derrick anati zitsekozo akuzifunabe, tsiku lina tidzamuitana tokha. Amayi anamuuza kuti atseke geti potuluka.

Injini inali ikulirabe ndi dizilo wotsalira m'mapaipi. Ba Mudenda anatsika, anazungulira, analowetsa dzanja pawindo langa n'kuizimitsa okha. Anaima kanthawi, akumvetsera. Kenako anandifunsa, motsitsa mawu, kuti tizitsulo totenthetsa tija timagulidwa kuti.

Ine mutu unali kale panjira. Ku Sesheke malita angati, ku Mongu angati. Ndinayamba kuwerenga mokweza pa zala. Amayi anandilanda kiyi, anaiyang'ana, n'kundibwezera. Anati ku Mongu kudikire. Mawa ndi tchalitchi, ndiwaperekeze, ndipo galimoto ikakhale chete mpaka kwaya ithe.