Juzi Yofiira ya Lazarous

Mlandu wonsewu ndi wanga, ndikuvomera, ndipo mpaka lero Lazarous akamandipatsa moni amayang'ana kumbali.

Munali mu Juni, chaka cha 1978, mphepo ikulowa m'nyumba zathu za ku Chawama, mu Lusaka, ngati ili ndi makiyi ake. Maud, woyandikana naye nyumba, anali atangokwatiwa ndi Lazarous, mnyamata wonyamula matumba kumafakitale. Amayi a Lazarous, a ku Mufulira, ku ukwati sanabwere. Anangotumiza mawu akuti atsikana a ku Lusaka manja awo ndi odzolera mafuta basi. Kenaka kalata inafika yoti akubwera Loweruka kudzamuona okha mtsikanayo.

Maud anathamangira kwanga.

"Ba Kulthum, nizachita bwanji? Bakanikana ba mayo, ba Lazarous sibangabatsutse. Nizabwelela kwatu na katundu pamutu."

Ndinamuuza kuti awalukire sikafu apongozi akewo, aone okha kuti manja alipo. Kuluka ndinali nditamuphunzitsa kale, pa masipoko a njinga onola nsonga, poti singano zolukira zinasowa kalekale. Koma ulusi wa wulu nawo unali utasowa. Masiku amenewo ukaona mzere pasitolo unkangoimapo, za chimene akugulitsa n'kumafunsa uli kale pakati. Maud anaima masiku awiri m'tauni n'kubwerako ndi makandulo.

"Masula juzi yakale," ndinatero ine, mwini nzeru. Tonse tinkatero, juzi ikatha imabadwanso masokosi.

Pansi pa bokosi lachitsulo la mwamuna wake, Maud anapeza juzi yofiira yobooka m'zigongono, itakulungidwa bwinobwino m'nyuzipepala. Munthu wamutu akanadzifunsa kuti nsanza amazisungiranji mwaulemu chonchi. Ife sitinadzifunse. Ine ndinkakoka ulusi, iye akukulunga pa chitsononkho, tikudandaula za mfundo zambirimbiri zomwe woluka wake anasiyamo. Tinauchapa, n'kuuyanika titamangirira mwala kuti uwongoke.

Maud analuka masiku atatu, akumabisa Lazarous akaweruka. Sikafuyo inayamba yotakata, n'kuonda, n'kufufumanso pakati ngati njoka yomeza chule. Ulusi unatha isanatalike n'komwe.

Loweruka m'mawa ndinamva kukuwa kudzera m'khoma.

"Maud! Juzi yanga ili kuti? Ba mayo bananilukila na manja yao pamene n'nachoka ku Mufulira! Nifuna baniwone navala!"

Lazarous anapita kusiteshoni atavala shati yokha ndi kachipewa kake kawulu kobiriwira, kamene sankakavula ngakhale posamba, malinga ndi Maud.

Alendo atafika ndinalowa ngati wodzapempha mchere, pakuti sindikanamusiya mwanayo yekha pamoto umene ndinakoleza ine. Mayiwo anali aafupi, ouma thupi, maso awo oyendera m'makona onse. Asanalawe ngakhale tiyi anafunsa mwana wawo chifukwa chake ankayenda ngati wosauka pamphepo yotere, juzi ali nayo. Lazarous anayamba kutsokomola.

Maud anagwada, n'kutambasula manja onse awiri sikafu ili pamenepo.

"Ba mayo, juzi ni iyi. Sin'naziwe kuti ni imwe munaluka. Nenze kufuna chabe kuti musamvele mphepo."

Mayiwo anaitenga n'kuyamba kuiyendetsa m'zala pang'onopang'ono, akumaima pa mfundo iliyonse, mfundo zomwe zija tinkazinyoza ife. Ndinayang'ana kumene kunali chitseko.

"Izi mfundo n'namanga ndine," anatero. "Iyi inali juzi ya bashi Lazarous, amuna banga. Pamene banafa, babululu bao, abale ba kuchimuna, banabwela kutenga vonse, mipando, mapoto, na bulangeti yamene nenze kufunda. Juzi n'naibisa m'chitenge. N'naimasula mofulumila kuti basaiziwe, ndiye wulu inadukaduka. N'nalukila mwana, ine n'nasala nilibe kanthu ka amuna banga olo kamozi."

Anaikulunga m'khosi, n'kugwira nsonga yake pamphuno. Misozi inatsika, ndipo ine ndemwe, wodzapempha mchere, ndinalira mosabisa.

Koma mayi ameneyu sanali wolira nthawi yaitali. Anayesa kuizunguliza kachiwiri, sikafu n'kukana. Anaiyang'ana pofufuma paja, n'kumuyang'ana Maud.

"Kuluka kwako ni koipa, mwana wanga. Bwela ukhale apa pafupi na ine, nikulangize. Koma ni ifupi iyi. Wulu ina ilipo?"

Maud anapukusa mutu. Maso a mayiwo anayendanso m'makona onse a nyumba, n'kukaima pamutu pa mwana wawo.

"Lazarous, leta chisote."

"Ba mayo, kunchito kumazizila!"

"Leta."

Kachipewako anakamasula awiriwo, mpongozi ndi mpongozi mnzake atakhala pamphasa imodzi, wina akukoka, wina akukulunga pa chitsononkho, akuseka ngati anadziwana kalekale. Patapita sabata ziwiri mayiwo anakwera sitima atavala sikafu yofiira yansonga yobiriwira, atamugwira Maud dzanja mpaka pakhomo la ngolo. Julayi yense Lazarous ankapita kumafakitale makutu ali mbuu, masokosi ake onse atawatsekera m'bokosi, kiyi ali m'thumba.