Mbale Ziwiri za Ummy

Supuni inafika pamilomo ya Ummy kachisanu, ndipo kachisanunso iye anamanga mano n'kutembenuzira nkhope kukhoma. Phala linatsetsereka pachibwano mpaka padiresi. Shamsa analipukuta ndi nsonga ya chitenje, akudziwa bwino lomwe kuti amayi onse amene anakhala pakhonde paja maso ali pa iye.

Linali tsiku lachitatu chimwalirireni mayi awo. Anagwa m'mawa akusesa pabwalo, ndipo pofika madzulo anali ataikidwa kale m'manda monga mwa Chisilamu. Shamsa uthengawo anaumvera ku Scotland ali pantchito, magolovesi ali m'manja. Ndege ziwiri ndi minibasi zinadzamutula pa Nkhotakota Boma zonse zitatha. Anapeza mng'ono wake Ummy, wa zaka makumi awiri ndi zinayi, asanalawe kanthu chichokereni amayi. Ankalowa ndi madzi okha, nawonso ochita kudonthezera.

Ummy anabadwa bwinobwino. Anakwawa, anayamba kuitana "mama", kenako ali ndi chaka chimodzi ndi theka mawu aja anangozimirira. Manja anasiya kugwira zinthu n'kuyamba kupotokolana pachifuwa tsiku lonse ngati munthu wochapa kansalu. Anthu ananena zambiri, monga mudziwa anthu, ndipo Shamsa, ali kamtsikana ka Sitandade 7, analumbira kuti adzadziwa chimene chinadya mawu a mng'ono wake.

Anadziwadi, poti mutu anali nawo. Matendawo amatchedwa Rett, amagwira makamaka ana aakazi, ndipo gwero lake ndi kachidutswa kamodzi kolakwika m'chibadwa cha munthu. Atatenga digiri yake ya udokotala wa zofufuza, anakhalanso zaka zinayi m'gulu lofunafuna njira yolowetsera kachidutswa kabwino mu ubongo. Anali ataimapo pamaso pa mapulofesa mazanamazana, Chingerezi chikutuluka ngati madzi. Koma lero supuni ya phala inamukanika, anthu akuona.

Mchimwene wake wamkulu, Nasiru, amene amalima mpunga kwa Malengachanzi, anamukodola kuti apite kuseri kwa nyumba. Kumeneko anamuuza kuti Ummy akapanda kudya lero, mawa kukacha apita naye kuchipatala akamuike kapaipi m'mphuno. Onse awiri ankakumbukira kuti zimenezi zinachitikapo kamodzi. Ummy analira masiku anayi mpaka mawu kusasa, ndipo amayi analumbira kuti iwo ali moyo mwana wawo sadzadyeranso m'mphuno.

"Nanga mankhwala aja?" anafunsa Nasiru. "Amayi anauza mudzi wonse kuti ukupanga mankhwala a Ummy. Wabwera nawo?"

Shamsa anayang'ana pansi. Anafotokoza mwachibwibwi kuti gulu lawo likadayesera pa mbewa zoyera zoweta m'mabokosi. Anati ngakhale zitatheka, adzayambira ana aang'ono, ndipo kwa munthu wamkulu ngati Ummy palibe amene angalonjeze kanthu.

"Ndiye kuti zaka zonsezi wakhala ukuweta mbewa?"

Nasiru sanakweze mawu, ndipo bola akanakweza. Anangofunsanso ngati amayi anawauzapo zimenezi. Shamsa anapukusa mutu. Ulendo uliwonse amayi akafunsa pafoni, iye ankati zikuyenda, zatsala pang'ono. Nasiru anasasa fumbi pachipewa chake n'kubwerera kumene kunakhala azibambo. Manyazi anamugwira Shamsa.

Anathawira kukhitchini. Kumeneko anapeza Rukiya, mkazi wa Nasiru, akutsuka mulu wa mbale zimene anthu anadyera sadaka masana. Rukiya ndi munthu woti pakamwa pake sipapuma, pamaliro kaya paukwati, ndipo ankalankhula za apongozi ake misozi ili chuchuchu, manja ali m'thovu. Anati malemuwo, Allah awakhululukire, anali munthu wabwino koma wowononga nkhuni. Ulendo uliwonse iye akabwera kudzacheza ankawapeza atatereka miphika iwiri, wina wa phala la mpunga, wina wa mbatata yophwanya, zonsezo kuphikira munthu wodya masupuni owerengeka.

"Ndiye mbale zake ndi izi, alamu," anatero akutulutsa m'madzi mbale ziwiri zapulasitiki, yofiira ndi yabuluu. "Ankaziika zonse ziwiri patsogolo pa Ummy, iwo n'kugwada, n'kukhala duu, chakudya chikuzizira. Ine ndinkangoti ndi ukalamba."

Shamsa anaima chilili. Anakumbukira tsiku lina zaka ziwiri zapitazo, amayi atamuimbira foni ali okondwa ngati mwana. "Mng'ono wakotu amayankha," anatero. "Amayankha ndi maso." Iye anali akuthamangira kumsonkhano, ndipo anangoti inde amayi, zimatero, zinalembedwa kale m'mabuku, n'kudula foni.

Zinalembedwadi. Iye mwini ankaphunzitsa ophunzira ake kuti atsikana a matendawa, ngakhale pakamwa ndi manja zitawakana, ambiri amamva ndipo amaloza ndi maso chimene akufuna. Anali nacho ngakhale chithunzi chake pakompyuta. Koma chifikireni anali asanamuyang'ane Ummy m'maso ndi kamodzi komwe. Ankangoyang'ana pakamwa, kufuna mpata wolowetsera supuni, ngati mmene amachitira ndi mbewa zake. Mayi amene sanapite patali ndi sukulu anazitulukira okha pamkeka, ndipo atafuna kuuza mwana wawo wophunzira, mwanayo analibe nthawi.

Shamsa anatenga nkhuni. Anasonkha moto, n'kutereka miphika iwiri. Utsi unamulowa m'maso, mbatata inapserera pang'ono pansi, poti manja anali ataiwala za mafuwa. Rukiya anafuna kumulandira koma iye anakana.

Atalowa m'chipinda cha Ummy ndi mbale ziwirizo, amayi a pakhonde anasuzumira pakhomo. Wina ananong'ona, mokweza ndithu, kuti adokotala ayambanso zachizungu. Ummy anali pampando wake wansungwi, mutu uli khoba, manja akupotokolana. Shamsa anaika mbale yofiira ya mbatata kumanja, yabuluu ya phala kumanzere, pakatebulo kamene kanali patsogolo pake. Pogwada, maondo ake anagwera m'malo awiri pamene mkeka unaperepeseka mpaka kuoneka simenti. Anayang'ana pansi n'kuzindikira kuti amenewo anali malo a maondo a amayi.

"Ummy," anaitana. "Ndine Shamsa. Ukufuna chiti?"

Ummy sanayang'ane mbale. Anadzutsa mutu pang'onopang'ono n'kuponya maso pakhomo, kupyola mitu ya amayi aja, n'kuwasiya pomwepo. Kenako anayang'ana Shamsa, n'kubwereranso pakhomo. Anatero katatu. Shamsa anatembenuka n'kufunsa ngati alipo amene anamuuza Ummy za malirowo. Rukiya ndiye anayankha chapansipansi kuti ankaganiza kuti sangamve, ndipo tsiku lonyamula thupi anamutsekera m'chipinda kuti asaone khamu.

Shamsa anagwira timanja topotokolana tija m'manja mwake.

"Amayi amwalira, Ummy. Anagwa pabwalo Lolemba, ndipo anaikidwa pafupi ndi ababa. Sabweranso. Tinalakwa kusakuuza. Inenso ndinakulakwira, ndinachedwa kubwera."

Ummy anatulutsa kaphokoso kochokera pansi pa chifuwa, kaphokoso kamene palibe m'nyumbamo anali atakamvapo. Misozi inatsika. Shamsa sanaipukute msanga, anamusiya alire mayi ake monga analirira ena onse. Pakhomo paja amayi anayamba kubwerera m'mbuyo mmodzimmodzi, aliyense atagwira mpango pakamwa.

Anadikira. Miyendo inachita dzanzi, nthunzi inatha pambale zonse ziwiri, ntchentche inatera pamphepete pa yofiira iye n'kuiingitsa. Mtima unkamuuza kuti atenge supuni ayesenso, mwina pano alola, koma anaumitsa manja pamaondo. Nasiru anabwera n'kuima pakhomo.

Kenako maso a Ummy anatsika. Anadutsa pambale yofiira osaima, n'kukakhazikika payabuluu. Anakhala pamenepo, kenako anakwera kudzayang'ana Shamsa.

"Phala?" anafunsa Shamsa.

Maso aja anabwereranso pambale yabuluu. Shamsa anatapa pang'ono, n'kunena Bismillah monga ankachitira amayi, ndipo supuni isanafike, pakamwa pa Ummy panatseguka. Anameza movutikira, n'kutsegulanso.

Atadya masupuni asanu ndi awiri, Nasiru anasendera pafupi n'kufunsa monong'ona kuti wathiramo mankhwala anji.

"Sindinathiremo kanthu, achimwene," anatero Shamsa osacheuka. "Amayi ankamufunsa."

Nasiru anavula chipewa n'kukhala pansi, msana atatsamira khoma. Phala linali litazizira kale. Shamsa anasendeza maondo ake bwinobwino m'malo awiri operepeseka aja, n'kubwezera supuni pakati pa mbale ziwirizo kuti amufunsenso.